Gossip: liwu la pa ubatizo limene linathera m'miseche

Mu 1623 George Villiers, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la udindo wake loti Buckingham, anaperekeza Charles, mwana wa mfumu ya England, ku Madrid kukafunsira mbeta kubanja lachifumu la Spain. Anabwerako chimanjamanja, koma makalata amene ankatumiza kwawo alipobe, ndipo moni wake kwa Mfumu James, bambo a Charles, unkakhala wakuti "Dear Dad and Gossip." Ife amene Chingerezi tinachiphunzira m'kalasi, Dad tikumumva, ndi bambo. Nanga Gossip? Munthu wofuna moyo wake n'kuitana mfumu kuti wamiseche, mfumuyo n'kuwerenga kalatayo ikumwetulira?

Buckingham sankachita chipongwe. Pa nthawiyo liwu loti gossip linali litayamba kale kununkha mbali imodzi, koma mbali inayo linkatanthauzabe mnzako wapamtima, makamaka amene munamanga naye ubale pa ubatizo wa mwana. Kuti lichoke pa mtsuko wa madzi a ubatizo m'tchalitchi n'kudzafika pa tsamba la nyuzipepala lolemba za amene wathawa ndi mkazi wa mwini, panapita zaka pafupifupi 800, ndipo paliponse pamene linakhota pali chimene chinalikhotetsa.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimakonda kusakanikirana. Ife tili ndi mphekesera, tili ndi miseche. Mphekesera ilibe mwini wake. Ndi ija ya akuti mafuta akwera mawa, akuti nduna yakutiyakuti ichotsedwa, ndipo ukafunsa kuti wanena ndani aliyense amaloza kumbuyo. Miseche ndiye imafuna nkhope: pamakhala anthu odziwana akudya mnzawo amene palibe, yemwe nayenso amamudziwa bwino. Angerezi nawo ali ndi mawu awiri. Rumour ndiye mphekesera, ndipo ndi liwu lobwera. Linachokera ku Chilatini, kumene rumor linkanena phokoso la khamu la anthu, linadzera m'Chifalansa n'kulowa m'Chingerezi cha m'ma 1300. Mbiri yake ndi yowongoka ngati msewu watala, phokoso linali phokoso basi. Gossip ndiye mbadwa ya pamudzi, ndipo masiku ano limasenza zonse, miseche ndi mphekesera zomwe.

Malo akale kwambiri amene liwuli limapezeka litalembedwa ndi mu ulaliki wa mu 1014. Wolalikayo anali Wulfstan, arkiepiskopi wa ku York, amene polemba m'Chilatini ankadzitcha Lupus, kapena kuti mmbulu, poti dzina lake limayamba ndi wulf. Dziko la England linali pamoto. Ankhondo a ku Denmark anali atakhala akulowa ndi kutuluka kwa zaka zambirimbiri, ndipo mu 1013 mfumu yawo Swein inapitikitsa Mfumu Æthelred mpaka inakabisala ku Normandy. Wulfstan chala sanaloze adaniwo. Anauza anthu akwawo kuti zonsezi ndi chilango cha machimo awo omwe, n'kuyamba kuwawerengera: kugulitsa abale ku ukapolo, kupereka mbuye wako m'manja mwa adani, kulumbira zonama. Pamndandanda womwewo anadandaula kuti "godsibbas and godbearn" ambiri aphedwa m'dziko monse. Godbearn ndi ana amene munthu anawaimira pa ubatizo, godsibbas ndi akuluakulu amene ubatizowo unawalumikiza. Kwa Wulfstan, anthu akafika pophana ndi godsibb ndiye kuti dziko latha.

Liwulo ndi mawu awiri olumikiza. God ndi Mulungu. Sibb ndi ubale, ndipo m'Chingerezi chakale liwu lomweli linkatanthauzanso mtendere, zomwe n'zomveka, pajatu m'bale ndi munthu amene sumusololera lupanga. Ajeremani akali nalo, amati Sippe ponena fuko. Kwa Angerezi linatsalira mu sibling, lomwe nalo linagona m'manda zaka mazanamazana mpaka akatswiri ofufuza za chibadwa cha anthu analifukula cha mu 1903, atasowa liwu limodzi lonena mchimwene ndi mchemwali pakamodzi. Godsibb tsono ndi m'bale mwa Mulungu, wosabadwa naye bere limodzi koma wobadwa naye pa madzi a ubatizo.

Apa pali pofunika kumvetsa bwino, chifukwa nkhani yonse yatsamira pamenepa. Womuimira mwana, kwa mwanayo, anali godfather kapena godmother, ndipo mawu amenewa alipo mpaka lero. Koma godsibb kwenikweni linali dzina loitanirana akuluakulu okhaokha: kholo la mwana ndi womuimirayo, kapena oimira mwana mmodzi pakati pawo. Chifupi ndi zimenezi m'Chichewa ndi usewere. Ana awiri akakwatirana, makolo awo, amene dzulo sankadziwana n'komwe, amayamba kuitanana kuti asewere, ndipo dzinalo limabwera ndi ulemu wake, kuyenderana kwake, ndi malire ake. Godsibb anali wotero, kungoti chowalumikiza sichinali ukwati koma ubatizo.

Ubale umenewu sunali wapakamwa chabe. Malamulo a Mfumu Ine ya ku Wessex, kumwera kwa England, imene inalamulira kuyambira 688 mpaka 726, ankati wopha munthu azilipira abale amagazi, komanso ngati wophedwayo anali ndi womuimira pa ubatizo, kapena mwana amene iye anamuimira, ameneyo nayenso alandire chipukutamisozi chake. Mafumu ankagwiritsa ntchito ubalewu pomanga mtendere. Mu 878 Mfumu Alfred itagonjetsa Guthrum, mtsogoleri wa ankhondo a ku Denmark, pa nkhondo ya ku Edington, sinamuphe. Guthrum anabwera ku Aller ndi akuluakulu ake 30 n'kubatizidwa, womuimira anali Alfred mwiniwake, ndipo analandira dzina latsopano loti Æthelstan. Mdani wadzulo anasanduka mwana. Kenako Guthrum anakakhazikika ku East Anglia, kumene analamulira mpaka imfa yake mu 890.

Mpingo ndiye unaukoka ubalewu mpaka pa nkhani ya ukwati. Mu 530 Mfumu Justinian ya ku Constantinople inaletsa mwamuna kukwatira mtsikana amene anamuimira pa ubatizo, ndipo msonkhano wa mabishopu wa mu 692 mumzinda womwewo unawonjezera kuti sangakwatirenso mayi wa mwanayo, ngakhale atakhala wamasiye. Mpingo wa kumadzulo, wa ku Roma, unatsata njira yomweyo. Taganizirani tsono zotsatira zake pamudzi waung'ono wa ku England. Mwana aliyense ankakhala ndi omuimira atatu, awiri ofanana naye, mmodzi wa mbali inayo: mnyamata amuna awiri ndi mkazi mmodzi, mtsikana akazi awiri ndi mwamuna mmodzi. Banja la ana asanu ndi mmodzi linkatha kukhala ndi anthu oposa khumi owaitana kuti godsibb. Amenewa ndi anthu oti ungalowe m'nyumba mwawo, kukhala nawo, kunong'onezana nawo, wina osakuganizira zachibwenzi, poti lamulo la mpingo lanena kale kuti ndi abale.

Pakamwa pa anthu liwulo linayamba kupereseka. D wa pakati anamezedwa ndi s, n'kukhala gossib, kenako b wa kumapeto anauma n'kukhala p. Zomwezi zinachitikiranso liwu lina limene Akhristu onse amalidziwa, gospel, lomwe kale linali godspel. Kungoti god wa mu godspel sanali Mulungu, anali liwu lija lero amati good, ndipo spel ndi nkhani, ndiye Uthenga Wabwino uja. Ine zimandiseketsa kuti mawu awiriwa anataya d mofanana, n'kumayenda moyandikana m'dikishonale, wina atasenza nkhani yabwino wina yoipa.

Pofika nthawi ya Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, liwuli linali ndi nkhope ziwiri, ndipo zonse zimaoneka m'nthano zake za anthu a paulendo wa ku Canterbury. Wansembe wa m'nthanozo akulalikira kuti kugona ndi godsib wako ndi tchimo lofanana ndi kugona ndi mlongo wako weniweni. Limeneli ndi tanthauzo lakale lija, la lamulo. Koma mayi wa ku Bath, uja anakwatiwa kasanu, akusimba za gossib wake dzina lake Alisoun, n'kunena kuti ameneyo ankadziwa mtima wake ndi zinsinsi zake kuposa wansembe wa parishi, ndipo chilichonse chimene mwamuna wake wachita, chaching'ono kapena chofika pomuphetsa, iye ankakamuuza Alisoun. Apa za ubatizo sizikumvekanso. Gossib wangokhala chimene amayi akwathu amati chinjira, mnzako amene umamuvulira zonse. Onaninso kuti mwamuna walowa kale m'nkhaniyi ngati wodandaula: ndi zinsinsi zake zimene zikutuluka m'nyumba.

M'sewero lakale la chigumula cha Nowa limene ankachita mumzinda wa Chester, mkazi wa Nowa akukana kulowa m'chingalawa pokhapokha ma gossip ake onse alowe nawo. Madzi akukwera, iwo ali pansi akumwa ndi kuimba, mpaka ana ake akumunyamula mokakamiza. Oonera ankaseka mayi wamakani. Koma mukaiyang'ana bwino, mayiyo akukana kusiya anzake kuti amire.

Pamene liwuli linakhotera kwenikweni ndi m'chikuta. Ku England wa m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, kubereka inali nkhani ya amayi okhaokha. Matenda akayamba, mwamuna ntchito yake inali kuthamanga kukaitana mzamba ndi amayi amene mkazi wake anawasankhiratu: mayi ake, apongozi, achemwali, oyandikana nawo nyumba, anzake apamtima. Akafika, mwamuna ankatuluka ndipo chitseko chinkatsekedwa. Mazenera ankawaphimba ndi nsalu zochindikala, ngakhale kabowo ka kiyi ankakatseka, m'chipinda n'kumangowala makandulo ndi moto. Ankaphika chakumwa chotentha chotchedwa caudle, cha phala lamadzimadzi losakaniza ndi mowa kapena vinyo, shuga ndi zonunkhiritsa, choti wodwalayo apezeko mphamvu, ndipo othandizawo ankamwako. Mwana akabadwa ankamubatiza m'masiku ochepa, poopa kuti angafe wosabatizidwa, koma mayi ake kutchalitchiko sankapita. Ankakhalabe m'chikuta pafupifupi mwezi wathunthu, mpaka tsiku lokayamika Mulungu kutchalitchi. Onyamula mwana kupita naye ku ubatizo anali mzamba ndi amayi omwe aja. Choncho amene anali m'chipinda chobadwira ndi amene anali pa ubatizo nthawi zambiri anali anthu amodzimodzi, ndipo dzina loti gossip linawakuta onse, woimira mwana ndi wongothandiza yemwe. Phwando la pambuyo pa ubatizo linkatchedwa gossiping.

Amayiwa sanali ongocheza. Anali mboni. Ndi iwo ankadziwa ngati mwana wabadwa wamoyo kapena wakufa, nkhani yomwe inkatha kusintha mwini cholowa kapena kupachikitsa munthu. Azamba ankalandira chilolezo kwa bishopu atalumbira kuti sadzasinthanitsa ana ndipo sadzalola mayi kunamizira mwamuna wosalakwa kuti ndiye bambo wa mwana. Mtsikana wosakwatiwa akamabereka, mzamba ankamupanikiza pakati pa ululu pomwepo kuti atchule mwini mimba, chifukwa parishi sinkafuna kulera mwana ndi ndalama zake pamene bambo ake alipo. Dzina limene latchulidwa m'chipindamo linkafika kwa oweruza. Kulemera kwa umboni woterewu kunaonekera poyera mu 1688. Pa 10 June chaka chimenecho mkazi wa Mfumu James II anabereka mwana wamwamuna ku St James's Palace, ndipo adani a mfumuyo, posafuna wolowa ufumu wa Chikatolika, anafalitsa mphekesera yoti mwana weniweni anafa, uyu anachita kulowa naye mozemba m'chiwaya chotenthetsera bedi. Mfumu inafika posonkhanitsa anthu amene analipo pobadwa mwanayo, amayi ambiri ndithu, kuti alumbire pa zimene anaona. Sizinathandize, ufumu unaichokabe chaka chisanathe.

Tsono ikani mwamuna panja pa chitseko chija. M'nyumba mwake momwe, mwezi wathunthu, muli amayi akudya chakudya chake, akumwa mowa wogula iye, akuseka, ndipo iye sakumva chimene akunena. Akungodziwa kuti mwa nkhani zimene zili m'katimo, ina ndi iyeyo. Akudziwanso kuti zimene amayiwa agwirizana zokhudza mbiri ya munthu zimayenda mudzi wonse, mwina mpaka kubwalo la milandu. Amene anali m'katimo ambiri sankalemba mabuku. Amene anali panja ndiwo anali ndi cholembera ndi makina osindikizira, ndipo timabuku tanthabwala ndi nyimbo zogulitsa m'misewu za nthawi imeneyo zadzaza ndi chithunzi chimodzimodzi: amayi atazungulira mtsuko, akulalatira amuna awo ndi kuphunzitsana makani. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene liwuli linagwera. Amayi sanayambe kulankhula kwambiri m'zaka za m'ma 1500 kuposa kale. Chinasintha n'chakuti dzina la msonkhano wawo linayamba kutanthauziridwa ndi amene sankaloledwa kulowamo. Pofika cha m'ma 1560, gossip linayamba kulembedwa ponena munthu wolongolola zopanda pake, kawirikawiri mkazi.

Chinathandiziranso ndi kupatukana kwa mpingo wa England ndi Roma m'zaka za m'ma 1530. Oimira ana pa ubatizo anatsala, koma lamulo loti ubale wa pa ubatizo umaletsa ukwati linatha mphamvu m'dzikomo. Mzati umene unkachirikiza tanthauzo lolemekezeka unazulidwa, liwu n'kutsala lopepuka, lotengeka ndi mphepo.

Shakespeare analipeza liwuli lili pamphambano, ndipo m'masewero ake matanthauzo onse akuyendera limodzi. Kumapeto kwa The Comedy of Errors, mayi amene wapeza ana ake amapasa patatha zaka zambiri akuitanira anthu onse ku phwando la ma gossip, ngati kuti anawo abadwa kumene, ndipo wolamulira mzinda, mwamuna, akuvomera ndi mtima wonse kuti akachita nawo gossip kuphwandoko. Palibe chonyoza pamenepo. Koma mu The Merchant of Venice, lolembedwa cha m'ma 1596, munthu wina pofotokoza mphekesera yoti chombo cha Antonio chamira akuti zili choncho ngati "my gossip Report" ali mayi wonena zoona. Mnzake akuyankha kuti bwenzi zili bwino akanakhala gossip wabodza, ngati aja amanamiza anansi kuti akulira maliro a mwamuna wachitatu. Pamenepa ndi pamene mphekesera ndi gossip zikugwirana chanza: mphekesera yavekedwa chitenje, yasanduka mayi wa pakhomo loyandikana.

Kunyozako sikunathere pa nthabwala. Malamulo a ku England anali ndi mlandu wotchedwa common scold, wa munthu wosokoneza mtendere wa anansi ndi pakamwa, ndipo ozengedwa ambiri anali akazi. Chilango chodziwika chinali kumumangirira pampando n'kumuviika m'dziwe. Panalinso chipangizo china chimene chinalembedwa koyamba ku Scotland mu 1567: khola lachitsulo lovekedwa kumutu, lokhala ndi kachitsulo kolowa m'kamwa kukapanikiza lilime, nthawi zina kokhala ndi minga. Ankachitcha branks kapena scold's bridle, ena n'kumati gossip's bridle, kufanizira ndi chitsulo cha m'kamwa mwa hatchi. Mu 1655 Dorothy Waugh, wa mpingo wa Quaker, anavekedwa chimenechi ku Carlisle chifukwa cholalikira pamsika, zomwe zikuonetsa kuti vuto silinali bodza kapena miseche ayi, koma mkazi wolankhula pamene sanafunsidwe. Mlandu wa common scold unakhalabe m'mabuku a malamulo a England, ngakhale sunkazengedwanso, mpaka unafafanizidwa mu 1967.

Samuel Johnson, m'dikishonale yake ya mu 1755, anaika matanthauzo atatu a gossip motsatizana, ndipo kuwawerenga kuli ngati kuona munthu akutsetsereka pachulu. Loyamba, woyankhira mwana pa ubatizo. Lachiwiri, mnzako womwa naye mowa. Lachitatu, woyendayenda akubwetuka ngati amayi a m'chikuta. Johnson chikutacho anachitchula yekha, ndiye kuti m'nthawi yake anthu ankakumbukirabe kumene fungo linachokera. Chofunika kuona n'chakuti m'matanthauzo atatu onsewa gossip ndi munthu. Kuti liwuli linene nkhani yeniyeniyo, zokambidwazo, ndi zam'mbuyo kwambiri, zinayamba kulembedwa cha mu 1811. Kuyambira pamenepo ndi pomwe munthu angathe kumva gossip, kufalitsa gossip, kapena kugula nyuzipepala chifukwa cha gossip. M'bale mwa Mulungu uja anali atasowa, patsala mawu ake okha.

Pa intaneti pamayenda kankhani kena kofotokoza chiyambi cha liwuli. Akuti andale akale ankatuma anyamata awo kumalo omwera mowa n'kuwauza kuti "go sip", pitani mukapsontheko mowa mukumvetsera zimene anthu akunena, ndiye mawu awiriwo analumikizana. N'kokoma kukamva, koma ndi zam'maluwa. Liwu limene Wulfstan analilemba mu 1014 silingabadwe kwa andale a zaka mazana angapo pambuyo pake. Liwu la mphekesera lapekeredwa mphekesera yakeyake.

Wina angati mwina zinangochitika mwangozi m'Chingerezi mokha. Ayi, njira yomweyi anaiyenda ambiri. M'Chifalansa, commère anali mayi woimira mwana pa ubatizo, mayi mnzake wa kholo, koma lero ndi mayi wamiseche, ndipo commérage ndi misecheyo. Mnzake wamwamuna, compère, sanagwe choncho, moti Angerezi anamubwereka kukhala dzina la woyendetsa mwambo pa zisangalalo. Ku Scotland commère yemweyo anasanduka cummer, kutanthauza woimira mwana, mnzako wamkazi, mzamba, komanso wamiseche. M'Chisipanishi comadre anabala comadrona, mzamba, ndi comadrear, kudya miseche. M'Chirasha kuma anabala kumushka, mayi wokonda nkhani za eni. Apwitikizi ali ndi mwambi woti "zangam-se as comadres, descobrem-se as verdades", kunena kuti ma comadre akayambana choonadi chimatuluka. Mwambi umenewu ine ndimaukonda chifukwa sukunamizira amayiwo bodza. Ukuvomereza kuti zimene akusunga ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake amaopedwa. M'zinenero zonsezi ndi dzina la mkazi limene linada ndi miseche, osati la mwamuna.

Osati kuti amuna sankadya miseche. Chingerezi chomwecho chili ndi umboni wake. M'zombo zakale zoyendera mphepo munkakhala mgolo waukulu wa madzi akumwa, wobooledwa kuti anthu azitungamo. Mgolo wotere ndi butt, kuubowola ndi scuttle, ndiye dzina lake linali scuttlebutt. Amalinyero akapita kukamwa ankaima pamenepo n'kumauzana za kumene chombo chikulowera ndi amene wakwiyitsa kaputeni, mpaka pofika 1901 asilikali apamadzi a ku America anali akunena scuttlebutt potanthauza mphekesera. Ku Australia kampani ya John Furphy ya ku Shepparton inkapanga ngolo zonyamula madzi zolembedwa dzina lake m'mbali, ndipo asilikali a pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, amene ankasonkhana pa ngolozo kumva zatsopano, anayamba kutcha mphekesera yabodza kuti furphy. Ndi pamjigo pa amuna pamenepo. Koma taonani kusiyana kwake: mawu awiriwa amatchula mgolo ndi ngolo, malo amene nkhani inakambidwira. Sanasandukepo dzina lonyozera munthu, ndipo palibe mmalinyero anavekedwa chitsulo m'kamwa chifukwa choima pa mgolo.

Ubale umene unabala liwuli unafa pang'onopang'ono ngakhale mu mpingo wa Katolika. Msonkhano wa ku Trent, wa pakati pa 1545 ndi 1563, unachepetsa oimira mwana kuti asapose awiri, mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, pofuna kuti anthu asamapezeke akwatirana ndi abale a pa ubatizo mosadziwa. Malamulo a mpingo a mu 1917 anachotsa choletsa chija pakati pa makolo ndi oimira mwana, ndipo a mu 1983 sanatchulenso ubale wa pa ubatizo ngati choletsa ukwati mu mpingo wa Chilatini, womwe ndi mbali yaikulu ya mpingo wa Katolika. Anzathu a ku Tete ndi ku Angónia amene amayankhula Chipwitikizi amathabe kuitanana kuti compadre ndi comadre, aliyense n'kudziwa chimene chikuwalumikiza. Mngerezi wa lero akafuna kutchula mayi amene anaimira mwana wake pa ubatizo alibe liwu limodzi. Amachita kuzungulira, kunena kuti godmother wa mwana wanga.